Dzina Lopezeka M'bokosi la Malemu

Kuyambira ali wamng'ono anthu ankamuitana kuti Ujeni. Sikuti analibe dzina ayi. Dzina anali nalo, lokoma ndithu, koma anthu akalimva ankakanda m'mutu n'kufunsa kuti, "Mwati chiyani?" Iye akabwereza, iwo ankaseka n'kungothera pa Ujeni. Anayambitsa ndi aphunzitsi a ku pulayimale, anzake anatola, ndipo pofika zaka makumi awiri ndi zisanu, ngakhale tiana ta ku sukulu ya mkaka komwe ankaphunzitsa tinkati Madamu Ujeni.

Dzina lake lenileni linali Luwende.

Tanthauzo lake sankalidziwa. Anafufuzapo pa foni, foniyo n'kumufunsa ngati walakwitsa kalembedwe. Chaka ndi chaka ankatsegula kaundula wa ana atsopano, mtima uli dyokodyoko kuti mwina apeza mnzake wa dzina. Ankangopeza mayina omwe aja, ana atatu dzina limodzi, moti ankachita kuwasiyanitsa kuti wamtali, wamfupi ndi wolira. Lake silinaonekepo ndi kamodzi komwe. Amayi ake, amene akanamuuza kumene analitola, anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Munthu mmodzi yekha ndiye analitchula bwino tsiku loyamba lomwe. Anali mnyamata wolemba zikwangwani, amene anthu ankangoti Wapenti. Anabwera kudzalemba zilembo pa khoma la sukulu, ndipo atauzidwa zoti Ujeni anapukusa mutu.

"Ine ntchito yanga ndi mayina. Ujeni sindinalembepo. Ndiuzeni lenilenilo."

Atamuuza, analitchula pang'onopang'ono ngati munthu wolawa chakumwa chotentha. Khoma linatha m'masiku atatu, koma Wapenti anakhala akubwerabe miyezi isanu ndi iwiri, ati kudzaona ngati penti wauma.

*

Loweruka m'mawa Ujeni anafika pa shedi ya Wapenti, imene inali pakati pa saluni ndi sitolo ya zitsulo. Mkati munkanunkha penti ndi parafini. Maburashi anali m'zitini, ndipo zikwangwani zosamaliza zinatsamira khoma.

"Tseka maso," anatero Wapenti.

"Muno? Kuti ndipondenso chitini ngati tsiku lija? Nsapato ija mpaka lero ili ndi mawanga."

"Inakongola nayo. Tseka maso, iwe."

Anatseka. Anamva chinthu chozizira, chopyapyala, chitaikidwa m'manja mwake. Potsegula anaona lata laling'ono, lochita dzimbiri m'mbali. Linali loboola zilembo, lija olemba zikwangwani amaika pa thabwa n'kupaka penti pamwamba kuti zilembo zitsale pansi. Iwo amalitcha chikombole. Analikweza ku kuwala kwa pakhomo, ndipo dzuwa linadutsa m'zilembo zisanu ndi ziwiri: LUWENDE.

"Wachita kundidulira? Nanga dzimbirili? Unasowa lata latsopano?"

"Nkhani yake ndi imeneyo. Sindinadule ndine."

Wapenti analoza bokosi lalikulu lamatabwa lomwe linali pansi pa tebulo. Linali la malemu bambo ake, amenenso anali wolemba zikwangwani m'shedi yomweyo. Iwo anali ndi lamulo limodzi: dzina silitayidwa. Chikombole chilichonse chimene anadula pa zaka makumi atatu ankachipukuta n'kuchisunga, ngakhale mwini dzina atasamuka kapena kumwalira.

"Ndimafuna ndikulembere kathabwa ka pa chitseko cha kalasi, anthu asiye zoti Ujenizi. Ndinapita m'bokosimo kukafuna lata losagwira ntchito. Pansi penipeni ndinapeza ili, atalikulunga pa nsalu lokhalokha. Waona? Umati ulibe mnzako pa dziko lapansi. Alipo! Bambo anamulemberapo."

Nkhope yake inkawala ngati ya mwana amene watola chinthu panjira. Ujeni anasisita zilembozo ndi chala. Mwendo wotsiriza wa chilembo cha W unali ndi kamchira, pamene chodulira chinaterereka. M'mphepete mwa zilembo munali penti wouma wachikasu. Pentiyo anamukumbutsa kanthu kena, koma asanadziwe kuti n'chiyani, pakhomo panada.

*

Anali amayi a Wapenti, atanyamula fulasiki ya tiyi monga ankachitira Loweruka lililonse. Anali ataonanapo ndi Ujeni kawiri, ndipo kawiri konseko anamuyankha ndi mawu amodziamodzi ngati akuwagula. Ankamudziwa kuti Ujeni basi, poti mwana wawo akakhala kunyumba ankachita manyazi n'kumangoti "Madamu aja".

"Mwadzuka bwanji, amayi?" Ujeni anapinda bondo.

"Tadzuka." Maso awo sanali pa iye. Anali pa lata. "Iwe, icho wachitenga kuti?"

"M'bokosi la bambo. Taonani zodabwitsa, amayi. Dzina lenileni la Madamuwa ndi limeneli."

Fulasiki inatera pa tebulo ndi phokoso. Amayiwo anafufuza mpando ndi dzanja osayang'ana, n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Mwanawe, tanditchulira dzina lako."

"Luwende, amayi."

"Anakutcha ndani?"

"Amayi anga, ndikuganiza. Anamwalira ndili wamng'ono. Ndinaleredwa ndi amayi aang'ono."

"Limatanthauza chiyani?"

"Sindidziwa. Ena amati mwina likuchokera ku duwa, ena amati ndi la kunja."

"Si la duwa, si la kunja. Lilibe tanthauzo lililonse. Ndikudziwa chifukwa ndinalipanga ndine."

Kuseri kwa khoma lamatabwa, makina oumitsira tsitsi a mu saluni, amene ankalira chiyambire m'mawa, anazima.

"Iwe sunali woyamba kubadwa," amayiwo anauza mwana wawo. "Ndili ndi pakati poyamba, ndinkaimba kanyimbo kopanda mutu ndikamasita zovala. Luwende, luwende, basi, mawu ongobwera pakamwa. Bambo ako ankandiseka kuti ndapenga. Tsiku lina anati, akakhala wamkazi dzina talipeza kale. Anadula lata limenelo kuti alembe pa kabedi. Mwana anabadwa, anakhala masiku asanu ndi anayi, anapita. Kabedi sikanalembedwe. Dzinalo sitinauze munthu, ngakhale amayi anga ondibereka. Ndinawauza bambo ako kuti alitaye latalo. Anati ataya."

"Amayi, bwanji simunandiuzepo?"

"Ndikuuze kuti utani nazo? Chilonda sachionetsa kwa mwana." Anatembenukira kwa Ujeni, ndipo mawu awo anali osalala, osakwera. "Tsono ndifunse. Dzina lodziwika kwa anthu awiri, mmodzi ndine, winayo ali m'manda. Linafika bwanji kwanu?"

"Mwina zinangofanana, amayi."

"Zimafanana ndi mayina a m'kaundula. Ili ayi. Uli ndi zaka zingati?"

"Makumi awiri ndi zisanu."

"Wanga akanakhala ndi makumi atatu ndi chimodzi. Bambo ako ndi ndani?"

"Anamwalira ndisanabadwe. Ankayendetsa galimoto zonyamula katundu."

"Unaonapo chithunzi chawo? Abale awo unawaonapo?"

Ujeni anayang'ana pansi. Panali madontho a penti a mitundu yonse, akale ndi atsopano.

"Ayi, amayi."

Wapenti anaseka, koma kuseka kwake kunalibe mphamvu. "Amayi, mukufuna kunena kuti bambo..."

"Ine sindinanene kanthu. Ndafunsa. Ndinakhala ndi bambo ako zaka makumi atatu ndikuganiza kuti ndimawadziwa ngati chikhatho changa, lero ndapeza kuti anandinamiza pa lata. Anandinamizanso pa chiyani?" Anaimirira. "Mpaka nditamva yankho, mtsikana uyu asaponde pakhomo panga. Ndipo iwe usamugwire ngakhale dzanja. Wandimva?"

Anatuluka, fulasiki anaiiwala. Wapenti anawathamangira. Ujeni anatsala yekha ndi lata m'manja. Amayiwo anati kabedi sikanalembedwe, kutanthauza kuti chikombolecho sichinagwirepo ntchito. Nanga penti wachikasuyo anachokera kuti? Analowetsa latalo m'chikwama chake n'kutseka zipi.

*

Panja anapeza mwini saluni atatsamira chitseko chake, akupala zikhadabo zake zazitali zofiira zimene zinamupatsa dzina loti Zikhadabo. Ndiye ankaluka tsitsi la amayi a Wapenti, ndipo msewu wonse unkadziwa kuti amayiwo ankafuna kuti iye akwatiwe ndi mwana wawo. Nayenso ankadziwa.

"Madamu Ujeni! Mwatuluka msangatu lero. Tiyi sanakome?"

"Ndili ndi zochita, asisi."

"Khoma ili ndi lopyapyala, mayi. Ine sindimvetsera za eni, koma makutu alibe chitseko." Anauzira chikhadabo chimodzi. "Ndimadabwa ine, kugwirizana kotani kumeneku, kuseka kofanana, kuyenda kofanana. Kani magazi amaitanadi! Tsono tizikuitanani chiyani, mlamu kapena mlongo?"

Amayi awiri amene anali m'kati, mitu ili m'mipango, anaseka mobisa.

"Muzindiitana Ujeni monga mwa masiku onse. Dzina langa silikwana m'kamwa mwanu."

"Ee, ndi lolemeradi. Mpaka lagwetsa munthu wamkulu pa mpando. Ife a mayina otchipa, opezeka pa ngodya iliyonse, sitifunsidwa kuti bambo ako ndani." Anamwetulira. "Musadandaule za achimwene anuwo. Tiwasamala."

Ujeni anangodutsa. Anaonetsetsa kuti afike pa ngodya asanapukute m'maso.

*

Ali m'basi foni inayamba kunjenjemera. Anali Wapenti.

"Uli kuti? Ndabwerera sindinakupeze."

"Ndikupita kunyumba."

"Usamvere za amayi. Ndi chisoni chakale chabe. Bambo ankalembera anthu ambirimbiri. Mwina amayi ako anadutsa pa shedi, anaona latalo, analikonda. Basi."

"Lata lokulunga pa nsalu, pansi pa bokosi?"

Panapita mphindi zingapo. Timadontho tosonyeza kuti akulemba tinkaoneka n'kuzimirira.

"Bambo anga sanali munthu wotero. Ankachoka pa shedi n'kulunjika kunyumba."

"Amayi anganso sanali munthu wotero."

"Sindinatero ine."

"Ndikudziwa. Koma mmodzi wa iwo anatenga dzina kuchoka kwanu kufika kwathu."

"Latalo sindikuliona. Watenga ndiwe?"

Ujeni anayang'ana funsolo mpaka basi inaima kawiri. Kenako unabwera uthenga wina.

"Luwende, ndiyankhe. Ndatseka shedi. Ndikubwera kwanuko, ndikafunse ndekha kwa amayi aang'ono."

Wapenti anali asanalowepo m'nyumba mwawo. Ankathera pa mtengo wa pa mphambano, poti anagwirizana kuti adzaonekera mwaulemu mwezi wa mawa. Ujeni analemba kuti "usabwere", anafufuta, analembanso, kenako anazimitsa foni.

*

Amayi aang'ono anali kuseri, akuyanika zovala. Ujeni anadutsa mwakachetechete n'kulowa kuchipinda. Anagwada, nakoka sutikesi yachitsulo imene inkakhala pansi pa bedi. Inali yakuda, yopindika pa ngodya imodzi. Ndi chinthu chokhacho chimene amayi ake anamusiyira. Anapita nayo ku sukulu yogonera komweko, anzake ankaiseka, koma iye ankainyadira chifukwa inali malo okhawo pa dziko lapansi pamene dzina lake linalembedwa bwinobwino. Linali pa chivundikiro, m'zilembo zachikasu.

Anapukuta fumbi ndi mkono. Anatulutsa lata. Kwa kanthawi analigwira m'mwamba, akupemphera kuti likhale lalikulu kapena laling'ono, kuti chilembo chimodzi chokha chipotoke. Kenako analitsitsa.

Linakhala ngati chivundikiro pa mphika wake. Chilembo chilichonse chinadzaza bowo lake, osatsala malo ngakhale a tsitsi. Ndipo pa mwendo wa W, pamene chodulira chinaterereka, kamchira kachikasu kanali pomwepo. Anali atakaona moyo wake wonse, akuyesa kuti ndi penti wongodontha.

"Iwe, wabwera osapereka moni? Nanga ukufunanji m'sutikesi ya..."

Amayi aang'ono anaima pakhomo, beseni lili m'chiuno. Anayang'ana lata, anayang'ana sutikesi.

"Chimenecho wachitenga kuti?"

"Lero aliyense akufunsa funso lomwelo. Mayi, sutikesi iyi analemba ndani?"

"Akuluanga, amayi akowo, anaigula choncho."

"Anaigula ili ndi dzina langa kale? Mayi, ndine wamkulu. Ndimaphunzitsa ana a eni kuti bodza ndi loipa."

Amayi aang'ono anaika beseni pansi, nakhala pa bedi. Anapukuta manja pa chovala chawo nthawi yaitali ngakhale anali atauma kale.

"Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Unali ndi masiku khumi, usanapatsidwe dzina. Akuluanga ankangoti tidikire, tidikire. Masana ena kunabwera bambo wina pa njinga, atamangirira sutikesiyi kumbuyo. Wamtali, zala zake zili penti yekhayekha. Anapempha kuti akunyamule. Anafunsa kuti uli ndi masiku angati, ndipo atamva kuti khumi, anayamba kulira. Mwamuna wamkulu, misozi mbwembwembwe. Anangoti, wapitirira, wapitirira. Anakubwezera kwa akuluanga, anakwera njinga, sitinamuonenso. Madzulo ake akuluanga anati dzina lako ndi limene lili pa sutikesi."

"Anali ndani?"

"Ndinafunsa. Anati ndi munthu wachifundo chabe, anawathandiza tsiku lina atakomoka pa msewu ali ndi pakati. Anandiuza kuti ndisadzafunsenso."

"Munakhulupirira?"

"Ndinali mwana. Ndinkakhulupirira zonse."

"Nanga tsopano?"

Amayi aang'ono anawerama n'kukankhira beseni pambali. Ujeni anafunsanso.

"Mayi, bambo anga oyendetsa galimoto aja, inu munawaonapo?"

"Ndinkamva za iwo. Akuluanga ankakhala kutali nthawi imeneyo, anabwera kuno mimba itakula kale." Anayang'ana kumbali. "Maliro awo sindinapite. Palibe wa kwathu anapita."

"Ndiye kuti mwina analiko, mwina kunalibe."

"Mwina analiko, mwanawe. Anthu achifundo aliko pa dziko. Munthu atha kupatsa mwana wa eni dzina popanda china chilichonse. Koma bwanji zonsezi lero? Lata ili ndi la ndani?"

Ujeni anatsegula pakamwa, koma mawu asanatuluke, geti ya panja inalira.

*

"Odi! Odi kuno! Luwende!"

Mawuwo anadutsa pa zenera monga ankadutsira pa mpanda wa sukulu, omveka bwino, chilembo chilichonse pamalo pake. Miyezi isanu ndi iwiri Ujeni ankati akawamva, mtima unkakhala ngati wamasulidwa chingwe. Lero anamva ngati akuitanidwa munthu wina, kamwana ka masiku asanu ndi anayi.

Amayi aang'ono anasuntha katani pang'ono kuti aone mlendo. Dzanja lawo linauma pomwepo.

"Mayo ine," ananong'ona. "Ameneyu ndi ndani?"

"Ndi amene ndimati adzabwera mwezi wa mawa uja."

"Kaimidwe kake. Mapewa. Zala zapenti zija." Anasiya katani, nagwira pakamwa. "Iwe mwana, pa amuna onse a m'tauni muno?"

Ujeni anaimirira. Anakankhira sutikesi pansi pa bedi, koma kenako anaikokanso n'kuisiya poyera, lata lili pamwamba pake. Anapita kukatsegula chitseko cha kutsogolo.

Wapenti anali thukuta lokhalokha, malaya ogwirira ntchito asanavule. Atamuona anamwetulira mwa mantha, natambasula dzanja monga mwa chizolowezi. Ujeni anabweza lake kumbuyo.

"Wafunsa? Anena chiyani? Ndiuze kuti palibe kanthu, Luwende."

"Usanditchule choncho."

"Bwanji? Si dzina lako?"

"Sindikudziwa kuti ndi la ndani. Lowa, ukaone ntchito ya bambo ako. Ukatha kuona, ukawatenge amayi ako, abwere adzaonenso okha."

"Amayi sangabwere. Ndawasiya mu saluni, akulira, Zikhadabo akuwapukuta misozi. Akuti mawa lomwe akufuna atenthe bokosi lonse la bambo."

"Ndiye uwauze kuti lata limodzi latsala kuno, ndipo ili silipsa." Anapatuka pakhomo kuti adutse osakhudzana. "Mpaka tidziwe chimene bambo ako ankalirira tsiku limene anandinyamula, undiitane monga amandiitanira anthu onse."

Wapenti anayesa. Milomo yake inagwedezeka, koma liwu lakuti Ujeni linakana kutuluka. Anavula chipewa, nalowa m'nyumba ngati munthu wolowa pa maliro.